Wotchi ya Akulu Anga pa Chipewa cha Tisiyenji

Ikani mafoniwo pansi, nonse. Dalitso, ndakuona, yako waibisa pansi pa ntchafu. Itulutse uike apa patebulo. Mwakhala mukunong'onezana kukhitchini kuti agogo akwiyira chipewa, agogo akalamba, agogo ayamba kulusa ndi zopanda pake. Mukuyesa sindimva? Maso ndiwo akutha, koma makutu ali bwinobwino. Lero mumva nkhani yonse kuchokera pakamwa panga, kuti mukamaseka muzidziwa chimene mukuseka.

Tisiyenji, usatuluke. Khala pomwepo, nkhaniyi ndi yako.

Ambiri a inu munabadwa nditasiya kale ntchito, ndiye mumangondidziwa ngati nkhalamba yothirira repu kuseri kwa nyumba. Ine ndinali wokonza mawotchi pamsika wa Kapata. Ndinali ndi katebulo kanga kotchinga ndi galasi, kagalasi kovala padiso limodzi, kapani kotolera tizitsulo, ndi tisikuludalaiva toonda ngati singano. Aphunzitsi, manesi, apolisi, ansembe, onse ankaima pamzere pamaso panga. Masiku amenewo wotchi ikaima, munthu ankasowa mtendere. Inu mukafuna nthawi mumangodina foni, ikafa mumaitaya n'kuyamba kuvutitsa makolo anu kuti akugulireni ina.

Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi a Sakala, munthu wosaseka, amene anaiphunzira ku Bulawayo. Miyezi yoyamba sanandilole kukhudza wotchi ngakhale imodzi. Ankandipatsa mawere m'mbale, kuti ndizitola kambewu kamodzikamodzi ndi kapani n'kumaika m'mbale ina. Kakagwa pansi, ndinkayambiranso. Iwe Dalitso sungathe ngakhale zisanu, ndimaona mmene umakhuthulira shuga mu tiyi. A Sakala ankati m'wotchi mulibe kanthu kokongoletsa chabe, kalikonse kali ndi ntchito yake, ndipo ukachotsa kamodzi zonse zaima. Ndinadana nawo chaka chathunthu, koma manja amene analipirira makolo anu sukulu anapangidwa ndi iwowo.

Tsopano mumve za akulu anga a Lazaro, agogo anu ena amene simunawaone. Ali mnyamata anachoka kumudzi ku Madzimoyo n'kupita kunjanji, ku Kabwe. Ntchito yawo inali yothira malasha m'ng'anjo ya sitima. Sitima za nthawi imeneyo zinkayenda ndi nthunzi. Munthu ankaima kutsogolo kwa moto ndi fosholo, kuthira malasha kuyambira pochoka mpaka pofika, madzi n'kumawira, nthunzi n'kumakankha magudumu. Akabwera kutchuthi ndinkaona mikono yawo ili zipsera zokhazokha. Nsidze analibe, zinapsa. Akatsokomola, makhololo ankatuluka akuda. Chifuwa chimenecho anabwera nacho kumudzi ndipo ndi chomwe chinawatenga.

Pa zaka zonse za kunjanjizo anabwerako ndi zinthu ziwiri zokha zooneka: njinga ndi wotchi ya m'thumba yokhala ndi chivindikiro ndi unyolo. Atakhazikika ku Madzimoyo n'kuyamba kulima thonje ndi mtedza, ndiwo ankaimba belu la kutchalitchi chathu chaching'ono. Belulo linali chitsulo cha gudumu la lole chopachika pamtengo. Lamulungu lililonse ankaima pansi pa mtengowo, wotchi kumanja, nyundo kumanzere, kudikira kuti singano ifike. Mudzi wonse unkayendera wotchi imeneyo. Chaka chilichonse akamaliza kukolola ankapalasa njinga kubwera nayo kuno kuti ndiitsuke ndi kuithira mafuta. Ankakhala pabenchi kundiyang'anira ngati ndikuchita opaleshoni mwana wawo. Ndikatseka chivindikiro ankati, “Wachita bwino, mng'ono wanga,” basi. Munthu uja sankayamika chilichonse, koma apo ankayamika.

Atamwalira, akazi awo, alamu anga Anambewe, anaikulunga wotchiyo m'kansalu n'kuitsekera m'sutikesi. Inakhala mmenemo mpaka inaima. Chaka chino atatha kukumba mtedza anakwera minibasi okha, ndi miyendo yawo yovuta ija, kudzafika pakhomo pano. Anamasula kansalu aja n'kunena kuti, “Alamu, ndikufuna iyendenso ndisanapite.” Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinawauza kuti adikire mwezi umodzi.

Pali chinthu chimene sindinawauze, ndipo inunso sindinakuuzeni. Manja angawa anatha kale. Onani. Mukuona mmene akunjenjemera? M'mawa amakhalako bata pang'ono, dzuwa likakwera basi. Ntchito imene kale ndinkaimaliza tiyi asanazizire, inanditengera milungu itatu. Ndinaimasula yonse, kutsuka kagudumu kalikonse ka mano, n'kuika zonse m'kambale koyera, n'kuvindikira ndi tambula. Kambaleko ndinakaika pashelefu, pafupi ndi chitini changa chachikulu cha mawotchi akufa. Kenaka kunagwa maliro a msuweni wanga kufupi ndi Mtenguleni, ndinapita masiku atatu.

Apa ndi pamene pakulowa mlongo wanu wamkuluyu. Tisiyenji akuphunzira zosoka m'tauni, ndipo ndinene zoona, dzanja lake ndi labwino, jekete langa lakutchalitchi anandikonzera ndi iyeyu. Kusukulu kwawoko anakonza chionetsero cha zovala, aliyense asoke chake achivale n'kuyenda nacho pamaso pa anthu. Iye anasankha kavalidwe kena kamene anakaona pafoni, kotchedwa sitimupanki. Anandionetsa zithunzi ndisanapite kumaliro. Akuti ndi kuvala ngati ukukhala nthawi ya makina a nthunzi: zipewa zazitali, malamba achikopa, maunyolo, magalasi akuluakulu pachipumi, ndi timagudumu ta mkuwa tomata paliponse. Ndinaseka. Ndinati, “Anthu awa sanaimepo pafupi ndi ng'anjo. Onani oyera bwanji.” Anandipempha tizitsulo takale, ndinamuuza atenge m'chitini chachikulu, zonse za mmenemo n'zakufa. Za kambale sindinanene kanthu. Ndinkayesa mwana wokhala m'nyumba ya wokonza mawotchi adziwa yekha kuti chinthu chovindikira ndi tambula sachikhudza.

Nditabwerako ndinalowa, ndisanavule ngakhale nsapato, ndinaona chipewa chakuda chili pamakina osokera. Chinali kunyezimira. Ndinayandikira. Ana inu, wokonza mawotchi amadziwa magudumu ake monga mayi amadziwira ana ake pagulu. Gudumu lapakati la wotchi ya a Lazaro linali pamenepo, lomata ndi guluu, lopoperedwa penti wagolide. Pambali pake lina, pambali pake lina. Ndinatembenuka kuyang'ana pashelefu, kambale kali mbee, tambula ili pambali.

Ndinaitana Tisiyenji ndi mawu amene sindinatulutsepo chimwalirire agogo anu aakazi. Anabwera akuthamanga, ali ndi mapini kukamwa, akumwetulira.

“Agogo mwachiona? Chakongola eti?”

“Izi wazitenga kuti?”

“Za m'chitini zinali zadzimbiri, agogo. Za m'kambale ndiye zinali zoyera bwino. Ndimayesa munandisankhira.”

Anati ndimayesa munandisankhira! Ndinakhala pansi. Kenaka ndinaona chimene chinandimaliza. M'wotchi muli kawaya kopyapyala kuposa tsitsi, kozungulira ngati nkhono. Kameneko ndiye mtima wa wotchi, kamafutukuka n'kubwerera, n'kumayendetsa zonse. Ife tinkagwira mpweya tikamakanyamula. Mwana uyu anakakoka ndi zala n'kukatambasula, kuti kalendewere pambali pa nthenga ya nkhanga ngati kamphonje.

Ndinamuuza wotchiyo inali ya yani. Mapini anagwa pakamwa. Anayamba kulira, ine ndinamuuza kuti misozi siyendetsa wotchi, achoke pamaso panga. Masiku atatu sindinamuyankhule. Amayi ake anabwera kudzagwada apa, akuti atate mwana sanadziwe. Ndinati kusadziwa kumeneko ndiye kwandikwiyitsa. Mumafuna kuvala zinthu chifukwa zikunyezimira, osafunsa kuti ndi zayani, zinkagwira ntchito yanji, ndani anapsa nazo manja. Pitani ku Mtenguleni nthawi ya mwambo wa Ncwala mukaone amuna atavala zikopa ndi nthenga. Mufunseni aliyense, akuuzani chikopa ichi ndi cha nyama yanji, anampatsa ndani, chifukwa chiyani chili pamkono osati m'chiuno. Inu mungotola chimene mwapeza n'kuthira guluu.

Tsiku lachinayi ndinamuitana. Osati chifukwa mtima unatsika, ayi, koma ndinkafuna manja. Ndinamutuma akatenge mankhwala aja amene atsikana mumachotsera utoto wa m'zikhadabo. Tinanyika chipewa, timagudumu tinamatuka kamodzikamodzi. Penti tinachita kumuchotsa m'mano ndi kamtengo kosongola, dzino lililonse palokha, masiku awiri. Kenaka ndinamuveka kagalasi kanga padiso, n'kumupatsa kapani. Ine kunena, iye kuika. “Osati apo. Tembenuza. Usapume pamenepo, uulutsa kasikuluwu.” Ndinamukalipira kuyambira m'mawa mpaka masana, iye osagwetsa kanthu ngakhale kamodzi. A Sakala akanamukonda mwana ameneyu, ndipo zimenezo zinangowonjezera ukali wanga, kuti manja abwino chotere ndi amene anawononga.

Zonse zinabwerera m'malo mwake kupatula kawaya kaja. Ndinayesa kukapinda kuti kabwerere, kanathyoka pawiri. Ndinayenda Chipata yense. Anzanga amene tinkagwira nawo ntchito, wina anamwalira, wina ali kwa ana ake ku Lusaka osaona. Amene amadzitcha okonza mawotchi masiku ano amangodziwa kusintha batire. Wina pafupi ndi siteshoni ya mabasi nditamufotokozera anandiyang'ana ngati ndikuyankhula Chilatini, n'kundiuza kuti, “Madala, ingogulani ina.” Ndinatsala pang'ono kumuponyera chipewa changa. Ndinakhuthula chitini chonse pamphasa, mawotchi akufa onse, palibe kofanana nako. Ndinatseka chivindikiro. Kunja wotchi inali yokongola ngati tsiku limene anaigula, koma siinkayenda.

Chionetsero chinali chitayandikira. Tisiyenji anati sapitanso. Amayi ake anamukakamiza, n'kumugulira timagudumu tapulasitiki tam'sitolo, topepuka ngati makoko a mtedza. Ndinawapeza akumata pachipewa china. Ndinayesa kungodutsa, koma maso anakana. Gudumu ili mano ake akulu, ili mano ake aang'ono, awayandikizitsa ngati angagwirane. Lina laikidwa palokha pakona, losazunguza kanthu. Ndinalanda chipewacho n'kuchiponya panja.

“Wawononga wotchi ya akulu anga, ndiye ukufunanso ukachititse manyazi dzina langa ndi zidole izi? Anthu akati ndi mdzukulu wa wokonza mawotchi uja? Bweretsa diresi lakolo ndilione.”

Linali labulauni, lalitali, lokhala ndi kajekete kothina. Ndinamuuza kuti ngati akufuna kuoneka ngati munthu wamakina, asankhe kaye kuti ndi munthu wa ntchito yanji, chifukwa munthu wantchito sanyamula chilichonse chimene wapeza. Anati akufuna akhale wokonza mawotchi. Ndinati chabwino, chotsa nthenga, wokonza mawotchi sayandikira nthenga, zimabweretsa fumbi. Magalasi akuluakulu aja amene anabwereka kwa owotcherera zitsulo ndinati abweze, amenewo ndi a ntchito ina. M'malo mwake ndinamupatsa kagalasi kanga kakale ka mkuwa, n'kukamangira kawaya kuti kakhale pachipumi monga ndinkachitira ine kasitomala akamandiyankhula. Lamba tinadula ku chishalo chakale cha njinga, chikopa chenicheni chodziwa thukuta, iye n'kusokapo timatumba toika kapani ndi masikuludalaiva. Ndinamuuza kuti chida chilichonse chikhale pamene dzanja lingachifike osayang'ana.

Anafuna maunyolo atatu pakhosi. Ndinati umodzi, ndipo kumapeto kwake kukhale chinthu, unyolo wopanda chomangirira ndi wa galu wothawa. Tinamangirirako kiyi wa wotchi yapakhoma. Anafuna kusakaniza zasiliva ndi zagolide, ndinakana, mkuwa wokhawokha, ndipo osaupaka penti, kungoupukuta ndi phulusa ndi mandimu. Pachipewa ndinalola magudumu atatu okha, a m'wotchi yapakhoma yakufa, okhomera pakachitsulo ndi timisomali, mano akugwirana bwino. Ukazunguza limodzi ndi chala, onse atatu kuyenda. Atazunguza koyamba anafuna kuseka, anandiyang'ana, n'kudziletsa. Anachita bwino.

Kuchionetseroko sindinapite. Inu munapita, munajambula, mwandionetsa mokakamiza kangapo. Ndamva kuti anthu anaimirira kudzazunguza magudumu a pachipewa, ndamvanso kuti amene anapambana ndi wina wovala mapiko a makatoni. Zimenezo ndi za oweruza awo. Ine ndinali ndi ulendo wina m'mutu, ndipo ndinamuuza Tisiyenji kuti Loweruka lotsatira tipitira limodzi ku Madzimoyo. Izi ndiye simukuzidziwa, chifukwa tonse awiri tinabwerako osayankhula.

Tinawapeza alamu anga atakhala pamphasa pansi pa mango, akusenda mtedza m'lichero. Atationa anasiya zonse. Anatuma mdzukulu wawo wamkazi akagwire nkhuku. Tinapatsana moni wonse, kufunsana za miyendo, za maliro, za mvula, ine wotchi ili m'thumba ikundiotcha. Mawu ndinali nditawakonza njira yonse muminibasi. Ndinatulutsa kansalu kaja, ndisanatsegule pakamwa iwo analanda, kumasula, n'kuika wotchi kukhutu.

Alamu anga makutu anatha, mumachita kuwakuwira, ndipo maso awo saonanso singano za wotchi. Anakhala choncho kanthawi, wotchi ili kukhutu, maso otsinzina. Kenaka nkhope yonse inamasuka.

“Ee, ndi yomweyi,” anatero. “Ikugunda ngati kale. Alamu, manja anu sanakalambe.”

Ana inu, ndikuuzeni zoona, ine ndinatseka pakamwa. Ndinaganiza kuti basi, Mulungu wandipatsa njira. Mayi wokalamba wasangalala, ndani adzamuuze? Ndinayang'ana Tisiyenji n'kumupukusira mutu kuti akhale chete. Iye anandiona bwinobwino. Anachoka pampando, anayenda ndi mawondo mpaka pamphasa, n'kuika pakamwa pafupi ndi khutu la agogo akewo.

“Agogo, wotchiyo sikuyenda. Ndinaiwononga ndine. Agogo aamuna anaikonza bwino, ine ndinatenga zam'kati n'kukongoletsera chipewa. Sidzayendanso.”

Anachita kubwereza kawiri, mokuwa, mpaka a nyumba yoyandikana anasuzumira. Alamu anatsitsa wotchi pang'onopang'ono. Sanamuyang'ane mwanayo, anayang'ana ine.

“Alamu, inu mumadziwa?”

“Ndimadziwa.”

“Ndiye munangokhala chete?”

Munthu wa imvi zanga, amene ndakhala milungu yonseyi ndikukalipira mwana za ulemu wa zinthu za akufa, ndinagwidwa ngati wakuba nzimbe. Anakulunganso wotchiyo m'kansalu, kumanga mfundo ziwiri, n'kuilowetsa m'bulauzi. Anaika dzanja pamutu pa Tisiyenji kanthawi kochepa, n'kulichotsa. Kenaka anakokera lichero pafupi n'kupitiriza kusenda mtedza. Nkhuku ija inaphikidwa, tinadya awiri, iwo anati alibe njala. Potsanzika anamuyankha Tisiyenji kuti, “Uyende bwino, mwana wanga.” Ine ndinatsanzika kawiri, sanatembenuke. Makutu awo ndi ovuta, inde, koma ndinali nditaima pafupi kwambiri kuposa mwanayo.

Chikwatiwireni m'banja mwathu, mayi amene uja sanandisiyepo kuchoka pakhomo pake osandiperekeza mpaka kumsewu. Tsiku limenelo tinayenda tokha.

Ndiye mukamati agogo akwiyira chipewa, dziwani kuti ndakwiya, inde, ndipo sindikudziwa kuti ndisiya liti. Ndamukwiyira uyu chifukwa chogwira chimene sanafunse. Ndakwiyira tauni yonse imene ilibe munthu mmodzi wosunga kawaya ka wotchi. Koma muminibasi pobwerera, uyu atatsamira pawindo akulira mwakachetechete, amene ndinkafuna kumumenya mbama ndinali ine ndemwe.

Uthenga ndatumiza kawiri ku Madzimoyo, alamu sanayankhe. Mawa ndikwera minibasi yoyamba, ndekha. Tisiyenji, undisitire jekete lakutchalitchi. Enanu tengani mafoni anuwo muchoke, mwanditsekera mphepo.